Mayi wa pa Chithunzi Uja Ndine

1

Hemedi anabwera ndi nkhaniyo Lachiwiri masana, ine ndili pakhonde ndikulimbana ndi zipi ya diresi la mkwatibwi wina amene ananenepa ukwati utatsala sabata imodzi. Anaima kutsogolo kwa makina anga thukuta lili kamukamu, laputopu ataibereka kumsana ngati mwana.

"Nasra, andisankha. Ndikupita ku Finland."

"Ndi kuti kumeneko?"

"Ku Ulaya. Milungu itatu."

"Suntha pang'ono, ukunditchinga. Sindikuona ulusi."

Anaseka, koma nkhope inagwa. Ankafuna ndilulutire. Ine ndinali kuwerenga zina mumtima.

Hemedi anali chaka chachitatu pa yunivesite ina muno mu Dar es Salaam, kuphunzira za makompyuta ndi kayambidwe ka bizinesi. Chaka chilichonse sukuluyo imasankha ophunzira khumi n'kuwatumiza kunja, kuti akaone mmene anzawo amayambitsira makampani, komanso akaonetse zimene apanga kwa anthu oti angaikepo chuma chawo. Iye ndi mnzake wa m'kalasi, mtsikana wa ku Moshi dzina lake Aichi, anapanga kapulogalamu ka pafoni ka matelala. Kamasunga miyeso ya makasitomala, n'kumawatumizira uthenga chovala chikatha. Nzeru imeneyi inachokera pa kope langa la miyeso, tsiku limene mwana wathu Ilhamu analiviika m'beseni la madzi.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 3, bambo anga atamwalira. Amalume anga a Shomari, ogulitsa nsomba pa msika wa Feri, ananditenga kumudzi ku Ikwiriri, n'kundiphunzitsa utelala ku Tandika, dera lina la mumzinda muno. Hemedi ndinamudziwa atabwera ndi thalauzi yoti ndidule miyendo. Thalauziyo anabwera nayo katatu. Ulendo wachitatu panalibenso chodula.

Pamene nkhani ya ku Finland imabwera, Ilhamu anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Kalata yofunsira mbeta, ija amaikulunga m'kampango koyera n'kupatsa nkhoswe, inali isanafike kwa amalume. Mayi ake a Hemedi ku Korogwe sankadziwa n'komwe kuti ali ndi mdzukulu. Iwo ankangodziwa kuti mwana wawo amagona ku hositelo n'kumawerenga. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: ndikamaliza sukulu.

Amalume atamva za ulendowo sanachedwe. Anabwera atanyamula nsomba ziwiri, anakhala pa benchi la makasitomala, n'kunena mosakweza mawu kuti mwamuna akakwera ndege amabwerako ndi maso ena.

"Ndegeyo ikanyamuka kalata isanafike m'manja mwangamu, iwe ndi mwanayu mukwera basi ya ku Ikwiriri. Makina ndinagula ndine, ndiwanyamula. Sindinakubweretse m'tauni kuti uzisungira mwana wa eni bedi la Loweruka."

Ulendo unali utatsala milungu isanu ndi umodzi.

2

Ndinamuuza Hemedi mawu a amalume. Anandigwira mapewa, n'kunena kuti achikulire amakonda kuopseza, zonse zikonzeka akadzabwerako. Kenaka anandipempha kuti ndikhale pa makina, ndibereke mwana, andijambule.

"Cha chiyani?"

"Choonetsa aphunzitsi basi. Usaseke. Yang'ana kutali ngati ukuganiza za moyo."

"Ndikuganiza za kolala ya mayi uja Bi Mwanaidi, ndaisoka mozondoka."

"Chomwecho. Usasunthe."

Milungu yotsatirayo nyumba inasanduka kalasi. Ankaima kutsogolo kwa galasi langa loyesera zovala, akulankhula Chingerezi, dzanja limodzi m'thumba. Akuti amapatsidwa mphindi zisanu zokha, ndipo ukapanda kuwagwira mtima mphindi yoyamba, otsalawo amayamba kuseweretsa mafoni. Ndinamusokera jekete la nsalu ziwiri, pakati ndinaikapo bulangete lakale, chifukwa ndinamva kuti kumeneko ngakhale mamina amauma.

Kutatsala milungu iwiri, sukulu inakonza tsiku lotsanzikana. Ophunzira khumi aja amaonetsa ntchito zawo pamaso pa aphunzitsi, alendo ndi makolo. Nditanena kuti ndivala diresi langa lobiriwira, Hemedi anayamba kukanda m'khosi. Akuti holoyo ndi yaing'ono, mwana akalira, ndipo zolankhulidwazo n'za Chingerezi chokhachokha, ndikangotopa pachabe.

"Nanga mayi ako?"

"Amenewo ndidzawauza tikiti ikatuluka. Akangobwera kuno afuna kuona pomwe ndimagona."

Ndinati chabwino. Ndinapitiriza kusoka mabatani.

3

Tsikulo linali Lachisanu. Ndinavala diresi lobiriwira lija, ndinamuveka Ilhamu, tinakwera minibasi, ija timaitcha daladala, amalume ali patsogolo ndi mkanjo wawo woyera ndi kofia, kachipewa kawo kopita nako ku maukwati. Holo yaing'ono ija inali yokwana anthu mazana atatu.

Pa mzere wapakati panali mayi wina wojintcha, wovala mpango wachikasu, thumba la malalanje lili pamiyendo. Ndinawadziwa nthawi yomweyo. Nkhope yawo ndinali nditaiona kambirimbiri mufoni ya Hemedi. Mipando yopanda anthu inalipo yambiri, koma ndinakhala pafupi nawo pomwepo.

Ndinawapatsa moni wa ulemu. Anandiuza kuti anyamuka ku Korogwe m'bandakucha kudzamudabwitsa mwana wawo, amene akupita kwa azungu. A ku ofesi ya yunivesite ndi amene anawaimbira foni. Anasenda lalanje n'kupatsa Ilhamu, kenaka anamuyang'anitsitsa.

"Makutu awa! Ngati a malemu amuna anga. Bambo ake ali kuti?"

"Ali momwe muno, mayi."

Anayang'ana amalume, n'kugwedeza mutu momvera chisoni.

Mphunzitsi wamkulu wa ulendowo, Dokotala Urassa, mayi wamfupi wa magalasi, anaima n'kulengeza kuti popeza makolo abwera ambiri, ophunzira onse alankhule Chiswahili. Kutsogolo kuja kunamveka kung'ung'udza.

Ndiyeno ndinaona mmene ana a yunivesite amagwirira ntchito. Gulu lililonse linayamba mofanana. Pa chinsalu chachikulu pamatuluka nkhope ya munthu wosauka, wophunzira n'kutsitsa mawu: uyu ndi wakutiwakuti. Woyamba anali mlimi amene mbuzi zake zikufa. Wachiwiri anali mayi woyenda mtunda wautali kukatunga madzi. Wachitatu anali mlimi winanso, tomato wake akuola. Amalume anandinong'oneza kuti ngati dziko lavuta chonchi, bola iwo ndi nsomba zawo.

Hemedi ndi Aichi anali achinayi. Anakwera atavala malaya ofanana, osokedwa ndi ine. Hemedi anakweza maso, n'kuona mpango wachikasu. Pambali pake anaona diresi lobiriwira, kenaka kofia ya amalume. Nthawi yomweyo kumbuyo kwake kunatuluka nkhope yanga, yaikulu ngati chitseko cha galaja, ndikuyang'ana kutali, mwana ali kumsana.

"Uyu ndi…" anatero. Anacheukira chinsalu. "Uyu ndi…"

Aichi anadikira pang'ono, n'kumulanda maikolofoni. Mtsikana ameneyu sankadziwa kanthu. Kwa iye ine ndinali telala amene Hemedi anamupeza pofufuza makasitomala, ndipo nkhani yanga ankaikhulupirira ndi mtima wonse. Anailankhula bwino kwambiri. Uyu ndi Nasra wa ku Tandika. Sukulu analekeza Fomu 3. Mwamuna amene anamupatsa mimba anamuthawa, mwana sanamuonepo n'kamodzi komwe. Lero akulera yekha, ndi makina amodzi ndi kope limodzi. Mwina chifukwa cha kukoma kwa chilankhulo cha kwawo, anawonjezerapo zake, kuti amuna oterewa m'dziko muno achuluka kuposa udzudzu.

Amayi m'holomo anavomereza ndi kubuula. Mayi a Hemedi anatsonya mokweza kuposa onse.

"Mkazi amene anabereka chigawenga chimenecho akanangobereka dzungu," anatero. Kenaka anayang'ana chinsalu, n'kuyang'ana ine. "Kodi mwanawe, si iwe uyu? Suja wati bambo ake ali momwe muno?"

Ine ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

4

Aichi anamaliza yekha zonse, Hemedi ataima pambali ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Anthu anaomba m'manja. Dokotala Urassa anafunsa ngati pali mafunso. Mlendo wina anafunsa za kuchuluka kwa matelala m'dziko muno, Aichi anayankha. Kenaka dzanja la amalume linakwera.

Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza kofia, anagogoda maikolofoni kawiri. Anapereka moni kwa aphunzitsi, kwa alendo, kwa makolo anzawo. Anati iwo sanapite kusukulu, ndiye awakhululukire ngati funso lawo lili la kumsika.

"Funso langa likupita kwa mnyamata wangokhala cheteyo. Mtsikana ali pa chinsaluyo ndi mwana wa mlongo wanga, ndi uyu ali apayu. Ndamva kuti foni yanuyi imasunga miyeso ya anthu. Ndiye ndimati ndifunse, kodi miyeso ya mwamuna anathawayo muli nayo? Chifukwa ife akuchikazi takhala tikumufuna."

Ena anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za achikulire. Aichi anamwetulira n'kumupatsa Hemedi maikolofoni. Hemedi anailandira. Akanatha kunena kuti zimenezo n'za kubanja, tikambirana panja. Akanatha kuseka nawo. Ndinagwira mwana mwamphamvu mpaka anadandaula.

"Mwamunayo ndine," anatero Hemedi. "Mwanayo ndi wanga. Dzina lake Ilhamu. Koma sindinathawe. Amayi, ameneyo ndi mdzukulu wanu."

Thumba la malalanje linagwa. Malalanje anagubuduzika pansi pa mipando mpaka kutsogolo, anthu n'kumawatola osadziwa woti amupatse. Amalume anathokoza, n'kukhala pansi.

Mayi a Hemedi sanandiyang'ane. Anamutenga Ilhamu m'manja mwanga, anamutembenuza uku ndi uku, anagwira khutu limodzi.

"Ndimadabwa," anatero. "Makutu amenewa sagulidwa."

5

Lolemba Dokotala Urassa anamuitana Hemedi ku ofesi. Lamulo la ulendowo linali lomveka: kasitomala woonetsedwa asakhale wachibale, ndipo nkhani yake ikhale yoona. Kanema wa nkhani yanga anali atatumizidwa kale kwa amene amawalandira ku Finland, ndipo iwo anali atayankha kuti mayi ameneyu wawakhudza kwambiri. Dokotala anamuuza kuti asankhe yekha: ngati nkhaniyo ndi yoona, ndiye kuti iye ndi munthu wothawa mwana wake. Ngati ndi yabodza, ndiye kuti ananamiza sukulu. Awiri onsewa sakwera ndege pa dzina la yunivesite.

Hemedi anafika ku Tandika maso ali gwa. Sanalonjere ngakhale Bi Mwanaidi amene anali pa benchi kudikira siketi yake.

"Wakondwa? Ndinakuuza kuti usabwere."

"Ine sindinalankhule chilichonse m'holo muja."

"Sunalankhule? Nanga mawu aja anachokera kwa yani? Zoti mwamuna anathawa unandipatsa ndiwe!"

Bi Mwanaidi anati siketi adzatenga mawa, koma sanadzuke.

Apa ndiye ndiyenera kukuuzani chimene ndinadumpha. Hemedi sankanama. Tsiku lina akuyeserera pa galasi paja anadandaula kuti nkhani ya telala wotaya kope siliritsa munthu, anzake ali ndi mbuzi zakufa. Ine ndili ndi mapini kukamwa ndinati, bwanji osangowauza kuti bambo wa mwanayu anathawa, si kutali kwenikweni ndi zoona. Ndinkamubaya. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa, mwina tikangana, mwina apepesa.

Iye anatembenuka maso akuwala. Anati, "Eya, imeneyo ndiye igwira mtima." Anakhala pansi n'kuilemba, akuimba kanyimbo. M'Chingerezi mawuwo ankawatchula tsiku lililonse pamaso panga, osaphethira, ngati akunena za munthu wa m'nyuzipepala.

Ngakhale zinali choncho, ulendo wake sindinkafuna kuti ufe. Lachitatu ndinatseka makina, ndinasonkhanitsa matelala asanu ndi anayi a ku Tandika amene ankagwiritsadi ntchito kapulogalamu kaja, tinadzaza daladala mpaka ku yunivesite. Tinalowa mu ofesi ya Dokotala Urassa matepi ali m'khosi. Aliyense anatulutsa foni kuonetsa miyeso ya makasitomala ake. Mzee Kibwana, mdala wosoka masuti, anafika pomuyeza Dokotalayo mapewa kuti aone mmene zimayendera.

Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati m'zaka zonse sanaonepo gulu lokhala ndi makasitomala enieni ochuluka chonchi, ndipo akudabwa chifukwa chake mnyamatayu anasiya zoona zabwino ngati zimenezi n'kukatola bodza. Koma dzina la Hemedi linali litachotsedwa kale, malo ake atapatsidwa wina. Anati adzayesenso akadzabwerera digiri yachiwiri, ngati adzafune.

Aichi anapita yekha. Jekete lija ndinalibweza m'mapewa n'kumupatsa. Poyamba anakana, akuti sangandiyang'ane kumaso. Ndinamuuza kuti manyazi safunditsa munthu.

6

Mayi a Hemedi sanabwerere ku Korogwe sabata imeneyo. Anakhala kwa mchemwali wawo ku Buguruni n'kumaitanitsa abale mmodzimmodzi. Lamlungu, ndege itatsala masiku awiri kuti inyamuke popanda Hemedi, nkhoswe inafika kwa amalume ndi kalata m'kampango koyera. Amalume anailandira, anaiika pa kabati, n'kunena kuti ayankha pakatha sabata, monga mwa mwambo, ngati kuti si iwo amene ankaiwerengera masiku.

Ukwati unaikidwa mwezi wachiwiri wake. Zovala za akuchimuna onse ndinasoka ndine, chifukwa apongozi anati sangapereke nsalu kwa mlendo telala ali m'nyumba. Anabwera kudzayezetsa Lachinayi m'mawa. Anakweza manja, ine ndikuzunguliza tepi m'chiuno mwawo.

"Usandipanikize, ndikufuna ndidye mpunga wa pilawu pa ukwati wa mwana wanga," anatero. Kenaka, maso ali kudenga: "Mtsikana wa ku ofesi ya yunivesite uja, amene anandiimbira. Waulemu kwambiri. Anandiuza basi yoti ndikwere, pomwe nditsikire, ngakhale mzere woti ndikhale. Anati ndisamuuze Hemedi, ndimudabwitse."

"Amaphunzitsidwa bwino a m'maofesi, mayi."

"Eya. Koma ofesi yake inali yachilendo. Kumbuyo kwake kunkamveka makina osokera, ndi mwana akulirira mandasi."

Tepi inandipulumuka. Ndinawerama kuitola, ndipo ndinakhalitsa pansipo kuposa mmene tepi imafunira.

Inde, ndinali ine. Ndinatenga nambala mufoni ya Hemedi iye akusamba. Ndinabwereka foni ya Mzee Kibwana, ndinatsina mphuno pang'ono kuti mawu amveke a munthu wophunzira. Zoti alankhula Chiswahili sindinazidziwe, koma ndinali nditakonzeka kuwamasulira apongozi mawu aliwonse m'khutu. Ndinkafuna Hemedi aime pakati pa mayi ake ndi chithunzi changa, ndione ngati mawu aja atulukebe. Za lamulo la sukulu sindinafunse. Ndimadziwa kuyeza munthu kuchokera paphewa mpaka kuchidendene, koma tsiku limenelo ndinadula nsalu ndisanayeze.

"Mumuuza?" ndinafunsa ndili chogwada.

"Ine? Ndinadziwa tsiku lomwelo utangondipatsa moni. Ukanapanda kuimba, mdzukulu wanga ndikanamuona ali ndi mabere." Anatsitsa manja. "Koma mwana wanga ankaifuna ndege ija kuyambira ali wakabudula. Zimenezo ndi zako, udzisenzere wekha. Lemba chiuno, usaiwale."

7

Tsopano patha chaka ndi miyezi itatu. Hemedi anamaliza sukulu, amagwira ntchito pa kampani ina yokonza makompyuta a m'maofesi. Kapulogalamu kaja kakadalipo, koma kali m'manja mwa Aichi, amene anabwerako ndi anzake atsopano ndi Chingerezi chothamanga. Hemedi anamusiyira yekha, akuti sangakayang'anenso. Mpaka lero amakhulupirira kuti a ku ofesi ndi amene anaitana mayi ake, ndipo amati Mulungu anamulanga chifukwa cha bodza. Ndi mwamuna wabwino. Amamusambitsa Ilhamu, amanditchula mkazi wanga pagulu mokweza, nthawi zina mopitirira muyeso.

Inu amene mukuwerenga, makamaka atsikana anzanga amene mukudikira kampango koyera, ndikudziwa mukufuna ndikuuzeni ngati ndinachita bwino. Ena mwa inu mwayamba kale kufunafuna nambala ya apongozi. Sindikuletsani, ndipo sindikutumani. Ndikanakhala chete, bwenzi lero ndili ku Ikwiriri ndikusoka mayunifolomu a sukulu, mwana akufunsa bambo ake. Mwinanso ayi. Mwina akanabwerako ndi kalatayo yekha, mwa kufuna kwake, ndipo chimenechi ndi chimene sindidzachidziwa. Mukamukankhira munthu pakona, yankho mulipeza ndithu, koma simudziwa ngati ndi lake kapena ndi la pakonapo. Ndipo musanatchere msampha, fufuzani kaye kuti china chimene chikodwemo n'chiyani.

Nyumba imene tinapeza titakwatirana ili ku Kipawa, kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege. Sindinasankhe ndine. Ndege zimadutsa pamwamba pa denga lathu kangapo pa tsiku, malata n'kumanjenjemera. Anthu a kuno anazolowera, sakwezanso mutu. Hemedi yekha ndi amene amasiya chimene akuchita, kaya akudya, kaya akumanga nsapato, n'kuitsatira ndi maso mpaka italowa m'mitambo. Ndimati ndimuuza ikadutsa imeneyi. Ikadutsa, ndimaponda makina.